MALUWA A KUMAPETO A DZINJA KU NKANA WEST

Anthu a kumudzi amawerenga caka ndi nchito za m'munda: nyengo yakusosa, yakubzala, yakupalira, yakubandira ndi yakukolola. Munthu akafika ku Migodi, kumene nthawi ya kampani ndiyo imdzutsa ndi kumgoneka, aiwala msanga mawerengedwe amenewa, natsala ndi masiku awiri okha m'mutu mwace, la malipiro ndi la Sabata. Komabe nyengo ziyenda monga mwa kale. Ku Kitwe mvula iyamba mu Novembala, ikula mu Disembala ndi Januwale, ndipo pofika Epulo yatha, itagwa ya mainchesi pafupifupi 50, ndiwo mamilimita 1,300. Pakati pa mvula yaikuru ndi cisanu pali masabata angapo, kuyambira kumapeto a Febuluwale kufikira Epulo, amene kumudzi ali masiku a mondokwa, maungu ndi misinde, pamene njala ya m'dzinja iyamba kucoka pakhomo.

Masabata omwewo ndiwo a maluwa m'mayadi a ku Nkana West. Mtengo wa kesha ubvala cikasu kuyambira pansi kufikira kunsonga. M'mbali mwa makonde muli dahlia, zinnia ndi marigold. M'ngalande za madzi muli canna wofiira. Ndipo kunja kwa mipanda, m'malo amene khasu silifika, cosmos woyera ndi wofiirira agwedezeka ndi mphepo pamodzi ndi cisoso. Mnyamata amene wangotsiriza sukulu, nafika m'tauni kudzafuna nchito, akaona zimenezi amafunsa funso limene makolo ace adafunsa kale: "Kodi maluwa adyedwa?" Funsoli si lacibwana. Lifunsidwa ndi anthu odziwa njala, ndipo liyenera kuyankhidwa mosamala, pakuti tsiku lina mnyamatayo adzakhala ndi bwalo lace, nadzayenera kusankha cobzalapo.

Ciyambi ca Mayadi

Dzina la Nkana ndi la mfumu ya Alamba, eni dziko limenelo. Malowo adali nkhalango ya miombo, ya zulu zazitali ngati nyumba, ndi madambo otsikira ku mtsinje wa Kafue. Kampani ya Rhokana Corporation idakhazikitsidwa mu 1931, mkuwa udayamba kutuluka pa Nkana mu 1932, ndipo tauni ya Kitwe idatsegulidwa pambali pace mu 1936. Kampani idamanga midzi iwiri yosiyana. Anchito acikuda adawaika m'makomboni monga Wusakile ndi Mindolo, m'tinyumba tothithikana, ta bwalo losakwana nkhuku khumi. Azungu adawamangira ku Nkana West ndi Nkana East nyumba zazikuru za khonde, yonse pakati pa bwalo lace lalikuru, ndipo mau akuti "kumayadi" adacokera pamenepo.

Miombo yambiri idadulidwa, ina ya nkhuni za kumgodi, ina yakulambula malo; ndipo m'misewu mudaokedwa mitengo yacilendo m'mizere yoongoka. Udzu wautali udachedwa, madambo nakumbidwa ngalande, cifukwa malungo adapha anthu ambiri pa ciyambi ca migodi, kufikira Sir Malcolm Watson ndi anzace a ku Ross Institute adaonetsa ku Luanshya, kuyambira 1929, kuti kuumitsa zithaphwi ndiko kugonjetsa udzudzu. Motero kapinga wometedwa bwino adali ndi zifukwa ziwiri, kukongoletsa ndi kucinjiriza. Madzi adali a kampani, ndipo dona sadawerengere ndowa.

Koma manja amene adakumba mabedi, nasenza manyowa, nathirira mbande m'mamawa ndi madzulo, adali a anthu ocokera ku Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata, ku Petauke, ku Lundazi, ku Nyasaland ndi ku Luapula. Ankachedwa gadeniboyi, ngakhale ena a iwo adali ndi imvi ndi zidzukulu. Ankagona m'kanyumba ka kuseri, nayenda ndi citupa m'thumba, nalankhula ndi dona m'Cikabanga. Nkoyenera kukumbukira kuti pa 3 Epulo 1940, m'nyengo yomwe ino ya maluwa, asilikari adaombera anchito onyanyala nchito pa Nkana, ndipo anthu 17 adafa. Cifukwa cace nkhalamba zina za ku Wusakile sizidakonde maluwa a kumayadi moyo wao wonse. Kwa iwo mpanda wa hibiscus udali malire a dziko limene sadaloledwe kulowamo, ndipo palibe angawadzudzule pa cimeneci.

Alendo a ku Mexico

Maluwa ambiri a nyengo imeneyi ndi alendo, ndipo cozizwitsa ndi cakuti kwao si ku Ulaya, kumene adacokera amene adawabweretsa. Dahlia, zinnia, marigold ndi cosmos kwao ndi ku Mexico ndi maiko oyandikana nako. Aspanya ndiwo adatengera mbeu zace ku Ulaya. Dahlia adafika ku Madrid mu 1789, napatsidwa dzina la Anders Dahl, katswiri wa zomera wa ku Sweden, monganso zinnia adachulidwa dzina la Johann Zinn wa ku Germany. Kucokera ku Ulaya mbeuzo zidatsikira ku South Africa, nizikwera ndi njanji kufikira ku Migodi, m'timapepala ta m'sitolo ndi m'mabokosi a madona. Canna ndi kesha wa maluwa kwao ndi ku America wotentha. Comeranso cacitali cija ca maluwa acikasu onga mpendadzuwa waung'ono, cimene cidzaza m'mbali mwa msewu wa Kitwe ndi Ndola mu Epulo ndi Meyi, ndi ca ku Mexico komweko. Akatswiri acicha Tithonia, ndipo ku Malawi ambiri acicha deliya.

Wina angathe kunena kuti zinthu zacilendo zotere ziribe malo pakhomo pa Mcewa kapena Mnsenga. Koma ameneyo ayambe wayang'ana m'mbale yace. Cimanga kwao ndi ku Mexico, dziko lomwelo la dahlia. Maungu, nyemba, mbatata, matimati, tsabola, mtedza ndi cinangwa zonse zidaoloka nyanja kucokera ku America zaka mazana anai kapena asanu zapitazo, ndipo makolo adazilandira, nazipatsa maina, naziika pambali pa mapira, mawere, khobwe ndi nzama zimene adali nazo kale. Akuru adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Nsima ndi duwa la pakhonde ndi ana a mudzi umodzi. Wina adafika kale nazolowereka, wina adafika mocedwa, atagwiridwa pa dzanja la mzungu.

Palinso eni dziko amene adalowa m'mayadi kucokera kuchire. Duwa lofiira ndi lacikasu lopindika ngati malawi a moto, limene akatswiri alicha Gloriosa, limera lokha m'miombo, niliyanga pa zitsamba kuyambira Disembala kufikira Febuluwale. Gladiolus wa m'chire, wofiirira, aoneka m'mphepete mwa madambo m'miyezi ya mvula, ndipo ndi mmodzi wa makolo a gladiolus wamkuru wa m'masitolo a ku Ulaya. Magadeniboyi ndiwo ankadziwa pokumba mizu yace, nabwera nayo pa njinga tsiku la Sabata.

Wochi ya Zomera

Munthu wacidwi adzaona kuti duwa liri lonse liri ndi mwezi wace. Jacaranda, wa ku South America, acita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanagwe. Flamboyant, wa ku Madagascar, atsatira mu Novembala. Poinsettia adikira kufikira Meyi ndi Juni. Cosmos angamere ndi mvula yoyamba, koma ambiri a mtundu wace angokula masamba okha okha kufikira Marici. Madzi alipo mu Januwale, kufunda kuliponso. Nanga cimene adikira nciani?

Yankho lace lidapezeka ku America mu 1920. Anthu awiri a m'cigawo ca zaulimi ca boma, W. W. Garner ndi H. A. Allard, adali ndi mtundu wa fodya wochedwa Maryland Mammoth, umene unkakula wautali koposa munthu osacita maluwa m'munda, koma nucita maluwa m'nyengo yacisanu ukasungidwa m'nyumba yofunda. Adayesa manyowa, madzi ndi kutentha, osapeza kanthu. Potsiriza adayamba kulowetsa zomerazo m'kanyumba kamdima dzuwa lisanalowe, nazitulutsa m'mamawa, ndipo fodya uja adacita maluwa pakati pa nyengo yotentha. Pamenepo adazindikira kuti zomera zina ziyesa utali wa tsiku. Mu 1938 Karl Hamner ndi James Bonner adaonjeza kuti cimene comera ciyesa kweni kweni ndi utali wa usiku, pakuti nyali ikayatsidwa kanthawi kocepa pakati pa usiku, comeraco cinyengedwa, cileka kucita maluwa.

Kitwe ali pafupi ndi pakati pa dziko lapansi, madigiri osakwana 13 kumwera, kotero kuti kusiyana kwa tsiku lalitali la mu Disembala ndi lalifupi la mu Juni ndi ora limodzi ndi theka lokha. Munthu wopanda wochi sazindikira msanga kusiyana kumeneku, koma cosmos, Tithonia ndi poinsettia akuzindikira. Usiku ukayamba kutalika, Disembala atapita, masamba atumiza uthenga kunsonga kuti nthawi yakubala yakwana, ndipo mbeu zikhwima mvula itatha, pamene sizingaole. Mapira a makolo ndi mitundu ina ya nandolo ndi khobwe zitsata lamulo lomweli; ncifukwa cace mapira obzalidwa mocedwa ndi obzalidwa msanga amafula pa nthawi imodzi. Agogo a kumudzi adadziwa cimeneci ndi maso zaka zambiri Garner asanabadwe, ngakhale sadacilembe m'buku. Ndipo poinsettia woimirira pansi pa nyali ya mumsewu, wosafiira bwino m'cisanu, sadwala. Nyaliyo ndiyo yamsokoneza.

Mkuru wa ku Katete ndi Mwana wa Mlongo Wace

M'zaka za m'ma 1950 padali mkuru wina wa ku Katete amene adagwira nchito ya m'yadi ku Nkana West zaka zoposa khumi ndi zisanu. Mwana wa mlongo wace adatsiriza Standard 6 pa sukulu ya mishoni, nalembedwa ukalaliki m'tauni, nagula jekete ndi njinga. Mnyamatayo ankakonda amalume ace, pakuti ndiwo adamlipirira sukulu, koma anzace akamfunsa nchito yao ankangoti, "Ali ku kampani."

Tsiku lina la Sabata mu Marici adapita kukawaona, nawapeza atagwada m'bedi la zinnia, alikudula maluwa ofota. Atapatsana moni ndi kufunsana za kumudzi, mnyamata adati: "Amalume, mundikhululukire, koma mtima wanga uwawa. Inu ndinu mlimi, kwathu nkhokwe zanu zidali ziwiri. Kodi mudzakalamba mulikuthirira zinthu zosadyedwa?"

Mkuruyo sadayankhe msanga. Adapukuta manja, namtengera kuseri kwa kanyumba kace, kumene dona adamlola kulima kadimba ka mapazi ocepa. Mudali therere, nyemba ndi maungu atayanga pa mpanda. Adathyola duwa limodzi la dzungu, nati: "Mwanawe, iwe waphunzira. Amai ako akafuna ciluwe ca ndiwo, athyola citi?"

"Ciri conse, Amalume."

"Iai. Taona ici: phesi lace ndi lalitali, lopyapyala, pansi pace palibe kanthu. Ici ndi cacimuna. Taona ico: pansi pa duwa pali kadzungu kakang'ono. Ico ndi cacikazi. Amai ako athyola cacimuna, nasiya cacikazi. Ndiponso cacimunaco sacitha conse, asiyako. Wanyamula ufa wacikasu uwu kucoka kuno kunka uko ndani?"

Mnyamata adakhala cete, ndipo pomwepo njuci idatuluka m'duwa, miyendo yace iri yacikasu.

"Ndi ameneyo," adatero mkuruyo. "Duwa la dzungu litsegula m'mamawa, pofika masana lafota. Njuci ikapanda kufika m'mawa womwewo, kadzungu kafota, kagwa. Tsono m'tauni muno adadula mitengo, njuci zikadya kuti caka conse? Zidya kwa dona uko, m'zinnia ndi m'kesha, ndipo zikakhuta zidzera kuno. Ine ndithirira maluwa a dona, maluwa a dona adyetsa njuci, njuci zindipatsa maungu. Dona sadziwa kuti andigwirira nchito."

Adaseka onse awiri. Pobwerera mnyamata adanyamula maungu awiri pa njinga, ndi kapepala ka mbeu za zinnia m'thumba la jekete.

Mau a mkuruyo ali oona monse. Ufa wacikasuwo ndiwo mungu. Cimanga cilandira mungu wace ndi mphepo, kucoka ku ngaiyaye kugwera pa ndebvu. Koma maungu, nkhaka, mabvwende ndi mphonda ziyembekeza tizilombo touluka, ndipo mpendadzuwa, mapeyala ndi mango zibala bwino koposa pamene tizilomboto ticuruka. M'nkhalango njuci zipeza cakudya ca kumapeto a mvula m'mitengo monga umene Abemba aucha mutondo, ndipo uci wambiri wa dziko la Zambia ucokera m'miombo yotere. Pamene miombo yatha ndi makala, monga yathera pozinga matauni a ku Migodi, maluwa a m'mabwalo ndiwo atsala.

Senta ndi Nthaka ya Mkuwa

Kulima ku Nkana kudali ndi mdani amene mlimi wa ku Katete sadamdziwe kwao. Mwala wa mkuwa uli ndi sulfure, ndipo pousungunula m'ng'anjo utsi wace utuluka woyera, wotsamwitsa, umene anthu a ku Migodi aucha senta. Utsi umenewu ukatsika m'mamawa pa masamba a mame, usanduka asidi, nuocha masamba ngati adathiridwa madzi otentha. Gadeniboyi wanzeru ankayang'ana kumene mphepo ilikupita asanatulutse mbande zace, ndipo ankadziwa kuti nyemba ndi matimati zipsa msanga, pamene canna ndi bougainvillea zipirira. Ku Kankoyo, pafupi ndi ng'anjo ya Mufulira, senta adasiya mabwalo ambiri opanda ndiwo zamasamba kwa zaka zambiri.

Ng'anjo ya ku Nkana idazimitsidwa posacedwa itayamba nchito yatsopano ya ku Nchanga mu 2008. Koma pfumbi limene lidagwa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri likali m'nthaka, ndipo phiri lakuda la zotsala za m'ng'anjo, limene anthu alicha Black Mountain, ndi mboni yace. Ofufuza adapeza mkuwa ndi cobalt wocuruka m'nthaka ya pamwamba pozinga ng'anjoyo, makamaka kumene mphepo inkaomba. Apa pali phunziro la nchito: wokhala pafupi ndi malo otere acita bwino kubzala maluwa ndi mpanda kumbali ya msewu ndi ya pfumbi, ndipo ndiwo azibzale m'mabedi okwezeka, a dothi labwino losakaniza ndi manyowa, nazitsuke bwino asanaphike. Duwa losadyedwa ndilo liyenera kuima pamalo pamene codyedwa cingadwalitse ana.

Dziko la mkuwa liri nalo duwa lace lace. Ndi kacitsamba kakafupi ka maluwa oyera ofiirira, ka mtundu wa mpungabwe, kamene akatswiri adakacha Becium homblei. Kamamera pa nthaka ya mkuwa wocuruka, pamene zomera zambiri zilephera, ndipo ofufuza miyala m'Northern Rhodesia ankakayang'ana monga cizindikilo ca cuma ca pansi. Kacita maluwa moto wolusa utapita, mvula isanakhwime, kotero kuti si ka nyengo imene ikambidwa pano. Koma kayenera kuchulidwa kwa iwo amene ayesa kuti kudziwa maluwa ndi nchito ya madona okha.

Mayadi Asintha Eni

Ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964, ana a eni dziko adayamba kulowa m'nyumba za ku Nkana West, poyamba mmodzi mmodzi, pambuyo pace ambiri. Boma lidatenga magawo 51 pa 100 a migodi kuyambira 1970, ndipo mu 1982 makampani adaphatikizidwa kukhala ZCCM, imene idapitiriza kusamala nyumba, misewu ndi madzi. Ambiri a eni atsopano adasunga kapinga ndi maluwa monga adazipeza, naonjeza kuseri repu, cibwabwa ndi kalembula. Makhonsolo a matauni ankaletsa cimanga m'mabwalo, nthawi zina nacichetsa, ponena kuti cisunga udzudzu. Koma ofufuza a m'Zambia momwemo adafalitsa mu 1978 kuti udzudzu wa malungo suswana m'mapesi a cimanga.

Mtengo wa mkuwa utagwa, zinthu zidasintha. Kuyambira 1997 nyumba za migodi zidagulitsidwa kwa okhalamo, ndipo mu 2000 mgodi wa Nkana udapita kwa kampani ya Mopani. Anthu zikwi zambiri adacotsedwa nchito, natsala ndi nyumba yaikuru, bwalo lalikuru, ndi thumba lopanda kanthu. Madzi adasanduka ogula. Pamenepo kapinga adagaulidwa, pakabzalidwa cimanga ndi mbatata. Ena adamanga makola a nkhuku, ena tinyumba ta lendi, ena adasandutsa nyumba kukhala maofesi, sukulu ndi malo ogona alendo, nazinga ndi makoma a njerwa, bwalo lonse nalithira simenti.

Palibe munthu wanzeru angadzudzule mai wamasiye amene adazula dahlia kuti abzale cimanga ca ana ace. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo mwana wanjala sangatonthozedwe ndi zinnia. Cimene ciyenera kudandaulitsa ndi simenti. Bwalo la cimanga likhoza kubwerera ku maluwa caka ca mawa, ndipo ngakhale liri la cimanga limwa madzi a mvula, lidyetsa njuci ndi ciluwe cace. Bwalo la simenti litaya madzi onse kumsewu, kumene akumba maenje. Litentha nyumba mu Okutobala. Ndipo mwana wokulira pamenepo afika Grade 7 asanaone mbeu ikumera. Mwini wace ayesa kuti wapulumuka ku matope ndi ku nchito ya khasu, koma agula ndiwo zonse pa msika wa Chisokone.

Cikomekome ca Mkuyu

Si duwa liri lonse liyenera kulandiridwa. Lantana adabwera monga mpanda wokongola, wa timaluwa tacikasu ndi tofiirira. Mbalame zidadya zipatso zace, nizimwaza mbeu, ndipo tsopano wadzaza m'mphepete mwa mitsinje ndi m'minda ya mitengo, natsamwitsa udzu ndi mitengo yaing'ono, ndipo masamba ace adwalitsa ng'ombe. Tithonia nayenso afalikira msanga akalekereredwa, ngakhale masamba ace ali manyowa abwino akakwiriridwa m'nthaka ali aawisi. Oleander, wa masamba aatali ndi maluwa ofiirira, ali ndi ululu m'thupi lace lonse, ndipo nthambi yace siyenera kusonkhezedwa pa moto wophikira. Muzu wa Gloriosa ufanana ndi kambatata, koma upha munthu. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wobzala maluwa pakhomo pa ana ayambe wafunsa dzina ndi khalidwe la ciri conse, monga afunsa za mlendo wofuna kugona m'nyumba.

Nchito ya Marici ndi Epulo

Nyengo ya maluwa ndiyo nyengo ya mbeu, ndipo waulesi amene angoyang'ana kukongola adzagula m'sitolo caka ca mawa cimene akadatola caulere. Maluwa ofota adulidwe masabata oyamba, kuti comera cipitirize kuphuka. Koma pofika kumapeto a Marici asiyidwe ena, a pa zomera zamphamvu, kuti akhwime. Mitu ya zinnia, marigold ndi cosmos ikauma, ithyoledwe masana opanda mame, iyanikidwe pa mthunzi, ipukusidwe, ndipo mbeu zisungidwe m'pepala kapena m'botolo louma, mothira phulusa pang'ono, monga amai asungira mbeu za maungu ndi khobwe. Dahlia akafota, mizu yace, yonga mbatata, ikumbidwe ndi kaphesi kace, pakuti maso ali pakhosi pomwepo, isungidwe m'mcenga wouma kufikira Okutobala. Canna agawidwe mizu pamene wathithikana. Masamba ndi mapesi onse asatenthedwe. Aunjikidwe m'dzenje pamodzi ndi zitosi za nkhuku, kuti asanduke manyowa a mabedi a m'cisanu, pamene kabici, repu ndi anyezi zikula bwino koposa. Madzi otsukira mbale ndi osamba akwanira mzere umodzi wa maluwa, ndipo marigold wobzalidwa m'bedi caka cino acepetsa tinyongolotsi ta m'nthaka timene titupitsa mizu ya matimati.

Anyamata ndi asungwana amene atuluka m'sukulu ambiri sadzakhala ndi yadi ya ku Nkana West. Ena adzapeza cipinda cimodzi ku Chimwemwe kapena ku Chifubu, ndi kabwalo ka mapazi asanu. M'makomboni momwemo muli akazi amene abzala maluwa m'zitini ndi m'matayala akale, napatsana mbeu pa mpanda monga apatsana moto ndi mcere, ndipo m'mbali mwa misewu ya Kitwe ndi Ndola muli anyamata amene adya ndi kubvala ndi ndarama za mbande za m'timatumba. Nzeru imene magadeniboyi adaisonkhanitsa m'zaka za citupa idapitirira kwa anthu otere, ndipo siifuna satifiketi. Wophunzira ali ndi mwai woposa wa mkuru wa ku Katete uja, pakuti angathe kuwerenga cifukwa ca zimene mkuruyo adaziona ndi maso. Koma adzapindula nazo pokha pokha akalola kugwada pansi ndi kudetsa manja. Ayambe ndi phando limodzi la maungu ndi mzere umodzi wa zinnia pambali pace, ndipo Marici akafika adzuke m'mamawa, awerenge yekha njuci ndi maungu.